Zotayikira Pansi M'nyumba ndi Kachotsedwe Kake

Mwana wa miyezi 8 alibe mpando ndipo alibe tebulo. Malo ake ndi pansi. Pamenepo ndi pamene amakwawa, amagona ndi kuseweretsa chitsononkho kapena chitsekero cha botolo, ndipo chilichonse chimene dzanja lake lagwira chimathera kukamwa. Akuluakulu nawonso satalikirana ndi pansi. Kuchigwa cha Dedza, ku Mua, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kumene kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumatulutsa anthu m'zipinda, ambiri amayala mkeka pabalaza kapena pakhonde nagona pomwepo. Mbale ya nsima imaikidwa pansi, mpunga umasankhidwa pansi, ndipo wodwala amagonekedwa pansi. Motero zimene zatayikira pansi m'nyumba sizikhalitsa pomwepo. Zimakwera ndi mapazi, manja ndi ntchentche kufikira zitalowa m'mimba mwa munthu.

Nyumba za kuderali zili ndi pansi pa mitundu itatu. Zambiri ndi zozira ndi dothi, monga zinaliri kuyambira kale. Zina ndi za simenti, kaya yoyera kaya yofiira yopaka polishi. Ndipo masiku ano, makamaka m'mbali mwa msewu wa M5 ndi pa malo a malonda, anthu amene apeza bwino ndi mpunga, thonje, nsomba kapena ndalama za ku Joni akuika matailosi. Pansi pa mtundu uliwonse pali kasamalidwe kake, kotero kuti njira yabwino pa matailosi ikhoza kukhala yopanda ntchito pa dothi.

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi chakuti uve wa pansi uli pawiri. Pali uve wooneka, monga banga la tiyi, dzimbiri la mwendo wa bedi, kapena kuda kwa m'mizere ya matailosi. Umenewu umanyansa m'maso koma sudwalitsa munthu. Palinso uve wosaoneka, ndiwo tizirombo totsalira pamene panagwera masanzi, chimbudzi cha mwana, magazi kapena zitosi za nkhuku. Umenewu ndiwo umagoneka ana m'chipatala. Chomvetsa chisoni ndi chakuti mphamvu ndi ndalama zambiri zimathera pa uve woyambawo. Mayi akhoza kugwada m'mawa wonse kukwecha simenti ndi bulashi kufikira munthu atadziona nkhope, pamene nsanza imene wakolopera ndi yomwe ija anapukutira chimbudzi cha mwana usiku. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pamene wina watsegula m'mimba kapena wasanza

Kolera anafika m'Malawi m'chaka cha 1973, ndipo boma linalemba anthu ntchito yoyenda m'midzi kulimbana naye. Ntchito imeneyo ndiyo inakula nkukhala ya alangizi a zaumoyo amene aliyense akuwadziwa lero. Mliri woopsa kuposa yonse unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo ya madzi osefukira a namondwe Ana ndi Gombe. Unafalikira m'maboma onse, ndipo Mangochi ndi Salima, maboma amene achita malire ndi chigwa cha Dedza, anali m'gulu la ovutika kwambiri. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo, ndipo pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. A zaumoyo amadziwa kuti pakhomo pamene padwala mmodzi, a m'nyumba yomweyo ndiwo ali pangozi yaikulu m'masiku otsatirawo. Chifukwa china ndi chakuti amamwa madzi amodzi. Chifukwa chinanso ndi pansi, mkeka, zofunda ndi manja a wosamalira wodwala.

Kawirikawiri zimachitika usiku. Munthu amene anagona ali bwino wadzuka ndi m'mimba motsegula ngati madzi otsukira mpunga, wasanza, ndipo sanathe kufika kuchimbudzi. Apa ntchito yoyamba si kukolopa. Ntchito yoyamba ndi wodwala. Asungunulirwe paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, ayambe kumwa nthawi yomweyo, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala cha pafupi, kaya ku Mua, ku Mtakataka kapena ku Golomoti, akumwabe panjira. Kolera akhoza kupha munthu wamkulu wamphamvu zake m'maola ochepa, tsono kudikira kuti kuche nkulakwa. Otsala pakhomo ndiwo aone za pansi.

Dzanja la munthu wowona zoipa pansi limathamangira ndowa ya madzi ndi tsache. Kumeneko ndiko kulakwa kofala kuposa konse. Madzi akhuthulidwa, tsache lakankhira zonse pakhomo, ndipo uve umene unali pa malo okwana mbale imodzi wafika chipinda chonse, pakhonde ndi pabwalo pamene ana adzasewera mmawa. Madzi oyamba amafalitsa, sachotsa.

Njira yoyenera imayamba ndi kutulutsa ana ndi nkhuku. Wogwira ntchitoyo avale nsapato ndipo m'manja avale magolovesi, kapena majumbo osabooka ngati magolovesi palibe. Kenaka aphimbe zotayikazo ndi chinthu chouma chomwa madzi: phulusa lozizira, mchenga, utuchi, gaga kapena mankhusu a mpunga, amene savuta kupeza kwa alimi a ku Bwanje. Zikamwerera, aziwole ndi fosholo, chidutswa cha lata kapena katoni, kuyambira m'mbali kulowera pakati, naziike m'chitini kapena m'ndowa yosatungira madzi akumwa. M'menemo athiremo klorini wamphamvu, avindikire, adikire mphindi 15, nakataye m'chimbudzi cha dzenje. Zisatayidwe kudzala, kuseri kwa nyumba kapena kumtsinje, ndipo gaga wagwira ntchito yotere asapatsidwe nkhuku kapena nkhumba ngakhale aoneke wambiri motani.

Zikachoka zooneka, pa simenti kapena pa matailosi patsukidwe ndi sopo ndi madzi, patsukuluzidwe, ndipo pomalizira pake pokha pathiridwe klorini wocheperako mphamvu. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake. Klorini amalimbana ndi chilichonse chimene wakumana nacho choyamba. Akathiridwa pa masanzi ambiri, mphamvu yake imathera pa zotsalira za chakudya, ndipo tizirombo tobisala m'kati timapulumuka. Sopo amanyamula uve. Klorini amapha tizirombo totsala pa malo otsukidwa kale. Wina sangagwire ntchito ya mnzake.

Klorini akathiridwa, pansi pakhale ponyowa kwa mphindi 10 asanapukutidwe. Ambiri amalephera pamenepa, pakuti amathira ndi kupukuta nthawi yomweyo, poganiza kuti fungo ndilo likupha tizirombo. Fungo silipha kanthu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphindi 10 zikatha, mazenera ndi chitseko zitsekulidwe kuti paume, popeza kachirombo ka kolera kamakonda chinyezi ndipo sikapirira pouma.

Kasungunulidwe ka klorini

Amene anafikapo pa msasa wa odwala kolera anaona ndowa zolembedwa 2%, 0.2% ndi 0.05%. Manambala amenewa akusonyeza mphamvu ya klorini m'madzimo. Wa 2% ndi wothira pa chimbudzi ndi masanzi. Wa 0.2% ndi wa pansi, makoma, mabedi ndi zovala. Wa 0.05% ndi wosambira m'manja. Onse atatuwa si akumwa.

Ndi klorini wa ufa uja wotchedwa HTH, masupuni aakulu 2 odzaza kulekeza m'milomo, ndiwo magalamu 30, mu lita imodzi ya madzi amapanga wa 2%. Masupuni 2 omwewo m'malita 10, ndiko kuti theka la ndowa yaikulu ya malita 20, amapanga wa 0.2%. Kapu imodzi ya wa 0.2% pa makapu 3 a madzi imapanga wosambira m'manja. Amene ali ndi Jik ayang'ane pa botolo. Ngati palembedwa 3.5%, kapu imodzi pa makapu 16 a madzi ndi ya pansi, ndipo makapu 4 pa makapu 3 a madzi ndi othira pa chimbudzi cha wodwala. Klorini wa m'botolo amene alangizi a zaumoyo amagawa kuti azithiridwa m'madzi akumwa amakhala wa 1%. Zikavuta, kapu imodzi ya ameneyo pa makapu 4 a madzi imakwanira kukolopera pansi, koma ndi bwino kufunsa mlangizi kuti akumwa asathe.

Klorini wosungunula amafooka msanga ndi dzuwa ndi kutentha kwa kuchigwa, tsono wa pansi ndi wa m'manja asungunulidwe watsopano tsiku lililonse, m'chidebe cha pulasitiki chovindikira, osati cha chitsulo. Ufa wa HTH usungidwe pouma, patali ndi ana, ndiponso patali ndi palafini, mafuta ndi moto, chifukwa ukakhudzana ndi zimenezi ukhoza kuyaka.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kuchitika konse, ndicho kusakaniza Jik kapena HTH ndi mankhwala ena otsukira. Ena amathira Jik pamodzi ndi Harpic, viniga kapena madzi a mandimu poganiza kuti mphamvu ichuluka. Chimene chimatuluka ndi mpweya wa poizoni wotsamwitsa, wowotcha maso ndi mapapo, ndipo m'bafa yaing'ono yotseka munthu akhoza kukomoka. Mkodzo wambiri nawonso umatulutsa mpweya woipa ukakumana ndi klorini, nchifukwa chake pamene mwana kapena wodwala wakodza payenera kuyamba patsukidwa ndi madzi. Wopuma mpweya wotere atulutsidwe panja msanga, ndipo ngati kutsokomola ndi kubanika sikuleka apite naye kuchipatala.

Pakhomo popanda klorini asataye mtima. Kuwola bwino, sopo, madzi owira ndi dzuwa zimachita zambiri. Zovala ndi zofunda za wodwala ziwiritsidwe mphindi 5 kapena zivikidwe mu klorini wa 0.2% mphindi 10, kenaka zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Zisachapidwe pamjigo, kunyanja kapena mumtsinje wa Nadzipokwe, Namikokwe kapena Livulezi, pakuti kunsi kwake kuli anthu akutunga. Madzi ochapirawo atayidwe m'chimbudzi.

Pansi pozira ndi dothi

Zonse zanenedwazi zikuyenda bwino pa simenti ndi pa matailosi, pamene madzi sadutsa. Dothi ndi nkhani ina. Dothi limamwa. Masanzi akagwa pansi pozira amalowa m'kati, ndipo klorini wothiridwa pamwamba amathera mphamvu m'dothimo asanafike pamene pali tizirombo. Kupukuta ndi nsanza kumangosalaza pamwamba. Tsono pa dothi mankhwala enieni ndi khasu. Zooneka zikawoledwa, dothi lonse lonyowa lipalidwe, kuzama kufikira pouma ndiponso kupitirira pang'ono m'mbali, nalitayidwe m'chimbudzi. Pamalopo pathiridwe madzi owira kapena klorini ngati alipo, pawazidwe phulusa, paume, ndipo pazirenso ndi dothi latsopano. Dzenje laling'ono pabalaza kwa tsiku limodzi si chinthu chochititsa manyazi.

Kupala dothi nkofunika pa chifukwa chinanso. Mazira a njoka zam'mimba zazikulu zija zonga nyongolotsi ali ndi chikhungwa cholimba chimene klorini sachiboola, ndipo amakhala ndi moyo m'dothi kwa zaka. Njoka yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku, onse otuluka ndi chimbudzi. Koma pali mwayi wake: dzira longotuluka kumene silidwalitsa. Limafuna milungu iwiri kapena itatu m'dothi lofunda ndi lonyowa kuti likhwime. Chimbudzi chochotsedwa tsiku lomwelo pamodzi ndi dothi lake chimapita ndi mazira ake onse asanakhale oopsa. Chongofotseredwa ndi phazi pakhonde chimasanduka munda wa njoka. Mtundu wina wa njoka, zoyamwa magazi m'matumbo, umaswa m'dothi lamchenga lonyowa monga la kunyanja, ndipo timphutsi take timalowa pakhungu la phazi losavala nsapato. Mwana wokhala nazo amachepa magazi, amafooka ndipo sachita bwino kusukulu.

Apa ndi pamene pali chikhulupiriro chimene chapweteka ana ambiri, chakuti chimbudzi cha mwana wakhanda sichidwalitsa chifukwa amangoyamwa. Zoona zake nzakuti ana aang'ono ndiwo amatsegula m'mimba kawirikawiri, ndipo chimbudzi chawo chimakhala ndi tizirombo tochuluka. Agogo ndi azakhali ena amaseka mayi wachitsikana akamathamangira kuchimbudzi ndi tsamba la chimbudzi cha khanda, amati akudzionetsa ukhondo wa kutauni. Mayi ameneyo ndiye akuchita bwino, ndipo apongozi anzeru amamuthandiza. Zitosi za nkhuku ndi abakha nazo zili ndi tizirombo totsegula m'mimba, ndipo mwana wokwawa amazitola nkudya. Nkhuku zogona m'nyumba poopa akuba zikhale ndi malo ake otchinga, osesedwa m'mawa uliwonse mwana asanatsitsidwe pansi.

Kuzira si ntchito yokongoletsa chabe. Pansi posalala, popanda ming'alu ndi fumbi, sapereka malo kwa utitiri ndi matekenya, amene mazira ndi mphutsi zake zimakula m'fumbi louma la m'nyumba. Mtsiro utengedwe pa malo odziwika bwino, osati kunsi kwa chimbudzi kapena kuthengo kumene anthu amadzithandizira. Posesa, pawazidwe madzi pang'ono kuti fumbi lisauluke nkugwera m'chakudya ndi m'mtsuko. Mikeka ndi mphasa zitulutsidwe padzuwa kawirikawiri, pakuti pansi pa mkeka wosasuntha ndi pamene chinyezi chimabisala.

Banja limene lapeza ndalama zokolola lingachite bwino kuganizira za simenti ya pansi lisanaganize za zina zooneka ndi anthu odutsa. Ku Mexico, boma litathira simenti m'nyumba za anthu osauka kuyambira m'chaka cha 2000, ofufuza anapeza kuti m'nyumba zimene dothi lonse linalowedwa m'malo ndi simenti, kutsegula m'mimba kwa ana aang'ono kunatsika ndi pafupifupi theka, ndipo njoka ndi tizirombo tina ta m'matumbo zinachepa koposa pamenepo. Ngati matumba a simenti sakwanira nyumba yonse, chipinda chimene mwana amakwawa ndi kudyera ndicho chiyambe.

Chikolopa

M'nyumba zambiri za simenti ndi za matailosi, chinthu chauve kuposa zonse si chimbudzi ayi, koma chikolopa. Thumba lakale kapena malaya ong'ambika amakolopa kuchipinda, kubafa, kukhitchini ndi pakhonde m'madzi amodzi, kenaka amaponyedwa kuseri kwa chitseko ali chinyowere kudikira mawa. M'kutentha kwa ku Golomoti, nsanza yonyowa yotere imaswetsa tizirombo usiku wonse, ndipo m'mawa imatipaka nyumba yonse. Fungo lowawasa la chikolopa ndi umboni wake.

Pakhomo pakhale zikolopa ziwiri zosiyana maonekedwe, china cha kubafa ndi kuchimbudzi, china cha m'nyumba. Kukolopa kuyambire koyera kumalizire kwauve, ndiponso kuyambire m'kati kutulukira kukhomo. Ndowa zikhale ziwiri, ya madzi a sopo ndi yotsukuluzira, ndipo madzi akada atayidwe. Ntchito ikatha chikolopa chichapidwe ndi sopo nachiyanikidwe pachingwe padzuwa kufikira chitauma gwa. Chimene chapukuta chimbudzi cha wodwala kolera chivikidwe mu klorini kapena chiwiritsidwe. Ngati ndi chakutha kale, chingotenthedwa. Pomaliza wokolopa asambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya, ngakhale anavala majumbo. Ntchito imeneyi si ya amayi okha. Mayi akapita kukadikirira wodwala kuchipatala, bambo ndi anyamata otsala pakhomo ndiwo ayenera kuidziwa.

Magazi

Magazi amagwa pansi munthu akadzitema ndi chikwanje, akatuluka kamfuno, kapena mayi akayamba kutaya magazi asanafike kuchipatala. Aphimbidwe ndi nsanza kapena pepala lomwa madzi, awoledwe ndi manja ovala majumbo, patsukidwe ndi sopo, kenaka pathiridwe Jik wa kapu imodzi pa makapu 6 a madzi kwa mphindi 10. Madzi oyamba akhale ozizira, chifukwa otentha amaphika magazi nawamatiza pa simenti monga dzira m'chiwaya. Kachirombo ka HIV sikakhalitsa kunja kwa thupi, ndipo palibe chifukwa chosalira munthu kapena kuopa kulowa m'chipinda chake. Koma kachirombo ka matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Nchifukwa chake magazi a munthu aliyense, wodziwika kapena wachilendo, asamalidwe mofanana.

Mafuta, palafini ndi mankhwala a mbewu

Mafuta ophikira ndi msuzi wa nsomba sizifuna klorini. Zimafuna phulusa kapena gaga kuti amwe mafutawo, kenaka madzi ofunda ndi sopo. Simenti yosapaka kanthu imamwa mafuta msanga, tsono banga la lero limachoka koma la sabata yatha limakana. Pa lakale pamatidwe phala la sopo wa ufa ndi phulusa, ligonepo usiku, m'mawa pakwechedwe. Pamene pakonzedwa chambo kapena usipa patsukidwe nthawi yomweyo, popeza mamba ndi madzi ake zimaitana ntchentche masana, mphemvu ndi makoswe usiku.

Palafini kapena petulo akatayika, moto wonse uzimitsidwe, mbaula ndi koloboyi zomwe, mazenera atsekulidwe, ndipo pathiridwe mchenga kapena dothi louma. Madzi amangomuyandamitsa nkumufikitsa kutali.

Choopsa kwambiri ndi mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba, ufa wa Actellic wothira m'chimanga, ndi mankhwala a makoswe. Ameneawa sayenera kusungidwa m'chipinda chogona kapena pafupi ndi chakudya, koma m'midzi yambiri ndi mmene zilili. Amadzi akatayika aphimbidwe ndi dothi louma kapena mchenga, a ufa aphimbidwe ndi mchenga wonyowa pang'ono kuti asauluke. Zonse ziwoledwe ndi manja otetezedwa, zikakwiriridwe m'dzenje lakuya patali ndi chitsime, mjigo ndi mtsinje. Pa dothi, dothilo lipalidwe mozama. Tsache ndi chitini zagwira ntchitoyi zisabwererenso kukhitchini. Ambiri mwa mankhwalawa amalowa pakhungu, motero mwana wokwawa pamalopo akhoza kuledzera nawo osawamwa. Mwana akayamba kutuluka dovu lambiri, thukuta, kusanza kapena kunjenjemera, avulidwe zovala, asambitsidwe ndi sopo, athamangire naye kuchipatala pamodzi ndi botolo la mankhwalawo. Asamusanzitse ndipo asamumwetse mkaka kapena mafuta.

Matailosi ndi mabanga ake

Walira mvula walira matope. Wogula matailosi wagula pansi posavuta kutsuka, komanso wagula mizere ndi kuterera. Nkhope ya tailosi siimwa kanthu, koma simenti ya m'mizere imamwa monga dothi, ndipo ndi mmene uve umakhala. Mizere ikwechedwe ndi mswachi wakale ndi sopo kapena soda. Ikada ndi chuku, monga zimachitikira kubafa m'dzinja, Jik wosungunula amachotsa, koma chuku chimabwerera ngati mpweya sulowa. Mzere wogumuka ndi tailosi losweka zimatidwe msanga, chifukwa madzi olowa pansi pake samauma.

Matailosi ambiri amachita chifunga osati chifukwa chosakolopa koma chifukwa cha sopo wochuluka. Sopo wa ufa wodzaza dzanja m'ndowa imodzi amasiya utoto wonata umene umagwira fumbi ndi mapazi. Pang'ono akwanira, ndipo pambuyo pake padutse madzi oyera. Palinso zoyera zouma zotsalira pamene padontha madzi a pamjigo, makamaka mijigo ya madzi amchere. Zimenezi ndi miyala yosungunuka m'madzimo, ndipo zimachoka ndi viniga kapena madzi a mandimu. Mandimu ndi mchere amachotsanso dzimbiri la mwendo wa bedi kapena la ndowa ya chitsulo. Koma zowawasa zimadya simenti, tsono zisakhalitse m'mizere kapena pa simenti yofiira. Mphindi zochepa, kenaka madzi ambiri. Ndipo tsiku la mandimu lisakhale tsiku la Jik pa malo omwewo.

Kuterera ndi ngozi imene anthu amaiseka kufikira itagwetsa wawo. Tailosi lonyowa kapena simenti yopaka polishi wochindikala ikhoza kugwetsa mayi woyembekezera kapena agogo, ndipo fupa la m'chiuno la munthu wokalamba likathyoka, ambiri sayendanso. Madzi otayika apukutidwe pomwepo. Polishi apakidwe wochepa, ndipo pa masitepe, pakhonde lofika mvula ndi panjira ya kubafa asapakidwe konse. Polishi saphanso tizirombo. Wopakidwa pa uve amangouphimba.

Madzi osefukira akalowa m'nyumba

M'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imafika kuchigwa ndi mphamvu, ndipo zimbudzi zokumbidwa mumchenga kapena m'makande zimadzaza ndi kugwa. Matope olowa m'nyumba nthawi yotere si matope wamba. Asakanikirana ndi za m'zimbudzi ndi m'makola. Ana asabwerere m'nyumbamo matope asanachoke. Achotsedwe ndi fosholo akadali ofewa, wochotsayo atavala nsapato za jombo kapena majumbo kumapazi, ndipo bala lililonse likhale lomanga. Pa simenti ndi pa matailosi patsatire sopo, kenaka klorini wa 0.2%, kuphatikizapo makoma kulekeza pamene madzi anafika. Pa dothi papalidwe dothi lapamwamba lonse, nyumba ikhale yotsekula masiku angapo kuti iume, ndipo pazirenso pokhapokha pansi pataumitsitsa, chifukwa mtsiro wopakidwa pa chinyezi umang'aluka ndi kuchita chuku. Mkeka kapena mphasa imene yamwa madzi otere ndipo singatsukike itenthedwe. Asanagonemo, eni nyumba ayang'ane makoma a zidina zosawotcha kumunsi kwake. Ngati afewa kapena achita ming'alu, banja ligone kwa achibale ndipo mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe.